Zolemba za ntchito yomanga chipangizo choyesera mphamvu yofooka ya maginito pa maselo amoyo

Cholinga ndi kumene funso lachokera

Ntchito imene tayamba ndi yomanga chipangizo choika maselo amoyo, amene timawasunga ndi kuwachulukitsa m'timbale ta m'labotale, pansi pa mphamvu yofooka ya maginito yofanana ndi imene imapezeka pafupi ndi nthambo zamagetsi ndi zipangizo zoyendera magetsi, kenaka kuona ngati kachulukidwe ka maselowo kapena kagwiridwe kawo ka ntchito kakusintha. M'gulu lathu muli mainjiniya a zamagetsi ndi akatswiri a sayansi ya zamoyo. Zolembazi ndikuzisunga ine wa ku mbali ya uinjiniya, kuti aliyense amene adzagwiritse ntchito chipangizochi adzadziwe chifukwa chake chigawo chilichonse chinapangidwa momwe chiliri.

Funso lenileni si latsopano. M'chaka cha 1979, Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper anafalitsa zimene anapeza mumzinda wa Denver ku America, zoonetsa kuti ana amene anamwalira ndi khansa ankapezeka kawirikawiri kuposa ana ena m'nyumba zoyandikana ndi nthambo zonyamula magetsi ochuluka. Kafukufuku wambiri anatsatirapo m'mayiko osiyanasiyana, ndipo m'chaka cha 2000 gulu lotsogozedwa ndi Anders Ahlbom linaphatikiza zotsatira zake n'kupeza kuti ana okhala m'nyumba momwe mphamvu ya maginito imaposa ma microtesla 0.4 (microtesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito) anali ndi chiopsezo cha khansa ya m'magazi chowirikiza pafupifupi kawiri. Pa chifukwa chimenechi bungwe lofufuza za khansa la IARC la ku Lyon ku France linaika mphamvu imeneyi m'gulu la 2B mu lipoti lake la 2002, kutanthauza zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wosakwanira. Komabe malire amene bungwe la ICNIRP, lopereka malangizo oteteza anthu ku mphamvu zoterezi, linaikira anthu wamba m'chaka cha 2010 ndi ma microtesla 200 pa ma hertz 50 (maginito osinthasintha ka 50 pa sekondi, ngati a magetsi a m'nyumba), omwe ndi ochuluka ka 500 kuposa mlingo umene ziwerengero za ana zija zikulozako. Mpata waukulu umenewu ulipo chifukwa malirewo anakhazikitsidwa pa zinthu zotsimikizika, monga kudzutsidwa kwa mitsempha, pamene palibe amene wasonyeza m'labotale njira imene mphamvu yochepa chotere ingavulazire selo. Ntchito yathu ili mkati mwa mpata umenewo.

Zimene masamu akunena tisanagule waya

Tisanayambe kumanga kalikonse tinakhala pansi kuwerengetsera kukula kwa chinthu chimene tikufunafuna, ndipo zotsatira zake n'zodetsa nkhawa kwa aliyense woyembekezera kupeza kanthu. Dziko lapansi lenilenilo lili ndi mphamvu ya maginito ya pakati pa ma microtesla 25 ndi 65 malingana ndi malo, ndipo zamoyo zonse zakhala mkati mwake chiyambire. Mphamvu imene maginito a ma microtesla 50 amapereka kwa elekitironi imodzi ndi yochepa koposa mamiliyoni anayi poyerekeza ndi mphamvu ya kugwedezeka kwachibadwa kwa mamolekyu pa kutentha kwa thupi la munthu, komwe ndi madigiri 37. Chikopa cha selo chili ndi volteji ya pafupifupi ma millivolt 70 pa kuchindikala kwa ma nanometre ochepa chabe, zimene zikutanthauza mphamvu ya magetsi yokwana ma volt pafupifupi 10 miliyoni pa mita imodzi. Robert Adair wa ku yunivesite ya Yale analongosola zimenezi mwamphamvu m'chaka cha 1991, n'kunena kuti chizindikiro chofooka chotere chiyenera kumira m'phokoso la kutentha. Mpaka lero, aliyense wonena kuti wapeza kusintha m'maselo ayenera kuyankha mfundo ya Adair.

Yankho limene ife tikuliona kuti lili ndi maziko ndi limene Klaus Schulten anapereka m'chaka cha 1978. Pamene molekyu yagawika kapena yapatsirana elekitironi ndi inzake, pamatsala tizidutswa tiwiri totchedwa ma radical, kalikonse kokhala ndi elekitironi yopanda mnzake. Kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, maelekitironi awiriwo amakhalabe olumikizana m'kazungulidwe kawo, ndipo maginito ofooka angathe kusintha liwiro limene amasinthira kuchoka mu mkhalidwe umodzi kupita mu wina, potero n'kusintha zimene zituluke pa mapeto a kusanganikirana kwa mamolekyuwo. Njirayi siifuna kuti maginito agonjetse kutentha, chifukwa zonse zimachitika kutentha kusanasokoneze kazungulidweko. M'chaka cha 2000 Thorsten Ritz, Salih Adem ndi Schulten ananena kuti puloteni yotchedwa cryptochrome, yopezeka m'maso a mbalame, ingakhale malo amene zimenezi zimachitikira, ndipo m'chaka cha 2021 ofufuza a ku Oxford ndi ku Oldenburg, kuphatikizapo Peter Hore ndi Henrik Mouritsen, anasonyeza kuti cryptochrome 4 yochokera kwa mbalame ya ku Ulaya yotchedwa robin imamva maginito ikayesedwa m'labotale.

Kunena zoona, kampasi ya mbalame, luso lake lodziwa kolowera pomva maginito a dziko lapansi, si umboni wakuti selo la munthu limavulazidwa ndi nthambo zamagetsi. Mbalameyo ili ndi chiwalo chimene chinasulidwa kwa mibadwo yosawerengeka kuti chizimva maginito, monga momwe nsomba ya shaki ilili ndi timabowo ta pamphuno tomva magetsi ofooka kwambiri, a ma nanovolt ochepa pa sentimita imodzi, zimene Adrianus Kalmijn anafufuza m'zaka za m'ma 1970. Selo wamba lilibe chiwalo chotero. Koma mfundo ya Schulten yatithandiza kusankha zoyenera kulamulira. Ngati njirayi ndi yoona, ndiye kuti mphamvu ya maginito yosasinthasintha, ija ya dziko lapansi, ili ndi gawo lalikulu mofanana ndi ija ya ma hertz 50, ndipo kuwala kofika pa maselo nakonso n'kofunika. Tagwirizananso kuti kupatula kuwerenga maselo, tidzayeza kuchuluka kwa mamolekyu a okosijeni olusa monga superoxide, chifukwa kumeneko n'kumene ma radical amapezeka mwachibadwa.

Kuyeza inkyubeta yopanda kanthu

Maselo amasungidwa m'inkyubeta, bokosi lachitsulo losunga kutentha kwa madigiri 37, chinyontho chambiri ndi mpweya wa carbon dioxide wokwana magawo 5 pa 100 alionse. Mkati mwa bokosi limeneli muli mawaya otenthetsera amene amayaka ndi kuzima, fani yoyendetsa mpweya, ndiponso maginito enieni m'mphepete mwa chitseko. Lucas Portelli, Theodore Schomay ndi Frank Barnes a ku yunivesite ya Colorado anafalitsa m'chaka cha 2013 miyezo yoonetsa kuti mphamvu ya maginito m'mainkyubeta imasiyana kwambiri pakati pa inkyubeta ina ndi inzake, ngakhalenso pakati pa malo oyandikana mkati mwa inkyubeta imodzi, ndipo ananena kuti chimenechi chingakhale chimodzi mwa zifukwa zimene zotsatira za ofufuza osiyanasiyana zimakanira kugwirizana.

Tayeza yathu ndi chipangizo cha mtundu wa fluxgate choyeza mbali zitatu nthawi imodzi, shelefu ndi shelefu, kona ndi kona, ndipo taona zomwezo. Pafupi ndi fani mphamvu yosinthasintha ndi yokwera, ndipo imatsika msanga pamene tikupita pakati. Mphamvu yosasinthasintha nayo yapotozedwa ndi chitsulo cha makoma, mwakuti pena ndi yochepa kuposa ya kunja, pena ndi yochuluka, ndipo imaloza kosiyanasiyana. Chotenthetsera chikayaka, muyezo umadumpha. Tanthauzo lake n'lakuti mbale imene wofufuza angaiike pa shelefu ya m'munsi n'kuitcha yoyerekezera, poganiza kuti siilandira kanthu, ingakhale ikulandira mphamvu yoposa ma microtesla 0.4 aja amene mkangano wonse wagona pa iwo.

Pa chifukwa chimenechi tasankha kuika timbale tonse m'mabokosi awiri ofanana opangidwa ndi mu-metal, chitsulo chosakaniza chokhala ndi nikelo pafupifupi magawo 80 pa 100, chimene chimakokera mizere ya maginito m'makoma ake n'kusiya mkati muli bata. Chitsulochi n'chosachedwa kukhumudwa: chikapindidwa, kuboolewa kapena kugwetsedwa chimataya mphamvu yake yotchinga, ndipo chimafunika kuwotchedwanso pa kutentha koposa madigiri 1,000 mu mpweya wa haidrojeni kuti chibwerere mwakale. Choncho mabowo onse olowetsera mpweya ndi mawaya tawajambula ndi kuwagwirizana tisanatumize mapulani kwa osula. Mabowowo ndi ang'onoang'ono koma ambiri, chifukwa bowo limodzi lalikulu limalowetsa maginito mozama kuposa ang'onoang'ono ambiri, pamene mpweya ndi chinyontho zimadutsa bwinobwino. Popeza bokosi limachotsanso mphamvu ya dziko lapansi, imene maselo anaizolowera, tidzaibwezeretsa mkatimo ndi makoyilo athu (mawaya okulungidwa otulutsa maginito magetsi akamayendamo) pa ma microtesla 50, mofanana m'mabokosi onse awiri.

Makoyilo

Tamanga makoyilo a mtundu wa Helmholtz: makoyilo awiri ozungulira, ofanana kukula, otalikirana mtunda wofanana ndi theka la m'mimba mwake. Athu ali ndi masentimita 20 m'mimba mwake, ndipo iliyonse ili ndi mizungulo 100 ya waya wa kopa wochindikala milimita imodzi. Pa masamu, magetsi okwana ma ampere 0.11 ayenera kupereka ma microtesla 100 pakati pake. M'bokosi la mu-metal chiwerengerocho chimakwera chifukwa makoma amabweza mizere ya maginito, choncho sitikudalira masamu okha koma muyezo weniweni bokosi litatsekedwa. Dera limene mphamvu imakhala yofanana, yosasiyana kuposa gawo limodzi pa 100, limafika masentimita pafupifupi atatu kuchokera pakati, ndipo timbale ta mamilimita 35 timalowamo bwino tikasanjikizidwa tochepa. Tinakambirana zogwiritsa ntchito makoyilo anayi a ngodya zinayi a mtundu wa Merritt, amene amapereka dera lofanana lalikulupo, koma sakanalowa m'mabokosi awiri okhala m'inkyubeta imodzi, ndipo kukhala m'inkyubeta imodzi tinakuona kukhala kofunika kuposa kuchuluka kwa timbale.

Chinthu chimene chatitengera nthawi yochuluka pa gawo lino ndi kakulungidwe ka waya. Koyilo yoyaka siitulutsa maginito okha. Imatentha, imanjenjemera pang'ono, ndipo imatulutsa mphamvu ya magetsi mu mpweya woizungulira. Ngati gulu loyerekezera lili m'koyilo yozimitsidwa, kusiyana kulikonse kumene tingapeze kungachokere ku chimodzi mwa zinthu zitatuzi. Joseph Kirschvink wa ku Caltech analongosola njira yothetsera vutoli m'chaka cha 1992, ndipo ndi imene tatsatira. M'malo mokulunga waya mmodzi ka 100, takulunga mawaya awiri limodzi, aliyense ka 50. Magetsi akamayenda molowera kumodzi m'mawaya onse awiri, maginito awo amaphatikizana. Akamayenda motsutsana, maginitowo amafafanizana, koma magetsi oyendamo ndi omwewo, kutalika kwa waya n'komweko, ndipo kutentha kotuluka n'kofanana ndendende. Gulu lolandira magetsi otsutsanali ndi limene tikulitcha lachiphamaso: limalandira chilichonse kupatula maginito.

Kufafanizanako sikufika pa ziro weniweni. Mawaya awiriwo sangakhale pa malo amodzimodzi, choncho pafupi kwambiri ndi koyilo pamatsala kamphamvu kochepa. Tachepetsa zimenezi powapota mawayawo ngati chingwe tisanawakulunge, ndipo muyezo wa pamalo a timbale tsopano uli pafupi ndi malire a zimene chipangizo chathu chimatha kumva. Makoyilo tawamiza mu utomoni wouma wa epoxy kuti mawaya asasunthe, ndipo choikapo timbale chaima pa miyendo yakeyake ya pulasitiki yosakhudzana ndi chimango cha makoyilo. Pakati pa koyilo ndi timbale taika chotchinga chopyapyala cha kopa cholumikizidwa ku nthaka, chong'ambidwa mzere umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere wong'ambikawo suyenera kuiwalika, chifukwa chotchinga chozungulira chathunthu chingasanduke koyilo ya mzungulo umodzi, n'kumayendetsa magetsi akeake otsutsana ndi maginito amene tikufuna.

Za kutentha, waya yense wa bokosi limodzi ndi wotalika mamita pafupifupi 126, ndipo pa ma ampere 0.11 amatulutsa kutentha kwa ma watt pafupifupi 0.03. N'kochepa, koma m'bokosi lotsekedwa kumaunjikana, ndipo anzathu a sayansi ya zamoyo atikumbutsa kuti maselo amasintha liwiro la kuchulukana ngakhale pa kusiyana kwa kachigawo ka digiri imodzi. Taika zoyezera kutentha m'kambale ka madzi okhaokha m'bokosi lililonse, ndipo cholinga chathu n'chakuti mabokosi awiriwo asasiyane kuposa madigiri 0.1.

Pakati ndi m'mphepete mwa kambale

Mphamvu ya maginito yosinthasintha imadzutsa mphamvu ya magetsi m'madzi aliwonse a mchere, kuphatikizapo madzi amene maselo amakhalamo, mogwirizana ndi lamulo limene Michael Faraday anapeza m'chaka cha 1831. M'kambale kozungulira kamene maginito akudutsa kuchokera pamwamba kupita pansi, mphamvu yodzutsidwayo ndi ziro pakati penipeni ndipo imakula molingana ndi mtunda kufikira m'mphepete. Pa ma microtesla 100 ndi ma hertz 50, m'mphepete mwa kambale ka mamilimita 35 mumafika ma millivolt pafupifupi 0.27 pa mita imodzi. Izi zikutanthauza kuti ngakhale maginito ali ofanana m'kambale monse, maselo a pakati ndi a m'mphepete sakulandira zofanana, ndipo wofufuza amene amakolola kambale konse n'kusakaniza maselo amataya mfundo imeneyi.

Ife tikuona kuti kusiyanaku ndi mwayi. Ngati kusintha kulikonse kudzaoneke, ndipo kudzakhale kofanana pakati ndi m'mphepete, tidzadziwa kuti maginito enieniwo ndiwo akugwira ntchito, monga momwe mfundo ya ma radical ikunenera. Ngati kudzakule polowera m'mphepete, ndiye kuti choyambitsa ndi magetsi odzutsidwa m'madzi. Anzathu a zamoyo achenjeza kuti maselo a m'mphepete amakula mosiyana ngakhale popanda maginito, chifukwa madzi amakwera pakhoma la kambale ndipo amauma msanga kumeneko, choncho kuyerekezera kudzakhala kwa m'mphepete ndi m'mphepete, pakati ndi pakati, pakati pa mabokosi awiriwo. Takonzanso zoti makoyilo athe kutembenuzidwa kuti maginito adutse chopingasa, motsatira pansi pa kambale, pomwe magetsi odzutsidwa amachepa kwambiri popeza madzi ndi osaya.

Gwero la magetsi

Gawo ili latha mofulumira. Sitikutenga magetsi a makoyilo kuchokera pakhoma kudzera m'thiransifoma, chifukwa magetsi a pakhoma amabwera ndi mafunde owonjezera a ma hertz 150, 250 ndi kupitirira, ndipo volteji yake imasinthasintha. Tikupanga funde loyera ndi jenereta ya zizindikiro n'kulikulitsa ndi ampulifaya yolamulira kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya osati volteji, popeza kopa akatentha ndi digiri imodzi kukaniza kwake magetsi kumakwera ndi magawo pafupifupi 0.4 pa 100. Poyatsa ndi pozimitsa, mphamvu imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono kwa masekondi angapo, chifukwa kuyatsa mwadzidzidzi kumadzutsa m'madzi mphamvu ya magetsi yaikulu kuposa ya funde lenilenilo. Ampulifaya ndi kompyuta zili kutali ndi inkyubeta, ndipo mawaya opita ku makoyilo ndi opotana.

Kubisa bokosi lolandira maginito

Pa nkhani iyi panali kukambirana kwakutali, chifukwa ena m'gulu anaona ngati kuwabisira bokosi lolandira maginito n'kuwakayikira. Si choncho. Munthu woona mtima, akadziwa kambale kamene kalandira maginito, amatha kukayang'ana nthawi yotalikirapo pa maikulosikopu, kapena kutaya muyezo wooneka wachilendo m'gulu limodzi n'kuusunga m'gulu lina, iye mwini osazindikira. Pamene kusintha kofunidwako kuli kochepa, zoterezi n'zokwanira kubala zotsatira zonama.

Mbiri ya kafukufuku wa maginito ili ndi zitsanzo zambiri za zotsatira zimene zinasangalatsa anthu kenaka n'kukana kubwerezeka. Za kutuluka kwa kashiamu m'zidutswa za ubongo wa anapiye, zimene Suzanne Bawin ndi Ross Adey anafalitsa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndiponso mfundo ya Abraham Liboff ya m'chaka cha 1985 yakuti ma ion, maatomu onyamula magetsi, amayankha pa mafunde ena apadera, zinakambidwa kwa zaka zambiri popanda kugwirizana. Pulogalamu ya boma la America yotchedwa EMF RAPID, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, inayesa kubwereza zotsatira zingapo zotchuka, ndipo lipoti la 1999 la bungwe la boma la NIEHS, lofufuza za thanzi ndi chilengedwe, linanena kuti umboni wa ngozi pa thanzi ndi wofooka. Chitsanzo chaposachedwa ndi cha tintchentche ta zipatso totchedwa Drosophila. Kuyambira m'chaka cha 2008 panali malipoti akuti timamva maginito kudzera mu cryptochrome, koma m'chaka cha 2023 Marco Bassetto ndi anzake anafalitsa mu magazini ya Nature zotsatira za kuyesa tintchentche toposa 100,000 mobisa ndi mosamala, ndipo sanapeze kusiyana kulikonse. Ofufuza oyambawo anatsutsa zimenezi, koma phunziro la uinjiniya likuonekeratu.

Tsopano kompyuta ndi imene imasankha mwachisawawa bokosi lolandira maginito pa ulendo uliwonse, n'kulemba chisankhocho m'fayilo yotsekedwa imene palibe wa m'labotale angaitsegule. Timaswitchi tosintha kayendedwe ka magetsi tili m'kabokosi komata, ndipo tonse timalira mofanana mosasamala kanthu za chisankho. Miyezo ya maginito imasungidwa koma siionekera pa sikirini. Pa maulendo ena kompyuta idzasankha kuti mabokosi onse awiri akhale achiphamaso, wina aliyense osadziwa. Talembanso pasadakhale zimene tidzayeze, kuchuluka kwa maulendo ndi njira yowerengetsera, ndipo chikalatacho chasindikizidwa tsiku tisanaike selo ngakhale limodzi pansi pa maginito. Chifukwa chake n'chosavuta: munthu akayeza zinthu 20 zosiyanasiyana pa mlingo wozolowereka wa chikaiko cha magawo 5 pa 100, ayenera kuyembekezera kuti chimodzi chioneke ngati chasintha mwamwayi chabe.

Pamene tafika

Maulendo oyambirira okhala ndi maselo tawachita mabokosi onse awiri ali achiphamaso, kuti tione ngati mabokosiwo pawokha amasiyana. Amasiyana. Maselo a m'bokosi loyandikira chitseko amachulukana mochedwerapo, ndipo zoyezera zasonyeza kuti bokosilo limachedwa kubwerera pa madigiri 37 chitseko chikatsegulidwa, pamene la mkati silizizira kwenikweni. Kusiyanako n'kochepa, koma ndi kwa msinkhu womwewo umene malipoti ambiri amati ndi zotsatira za maginito. Tasuntha mabokosi kuti akhale moyandikana, motalikira chitseko mofanana, ndipo taika lamulo lakuti inkyubeta imeneyi isasungirenso maselo a ntchito zina, kuti chitseko chizitsegulidwa pa nthawi zoikika zokha. Tikubwereza maulendo achiphamaso, ndipo sitiyatsa maginito kufikira kusiyana kwa mabokosi kutatsika pansi pa kusiyana kwachibadwa kwa kambale ndi kambale.

Tayesanso mbali ina ya funso, yakuti njira zathu zoyezera zingathe kuona kusintha kukakhalapo. Tinathira hydrogen peroxide, mankhwala ovulaza maselo, wochepa m'timbale tina, ndipo tina tinatitenthetsa pang'ono mwadala, kenaka tinapereka timbaleto kwa woyeza wosadziwa. Anatizindikira bwinobwino. Izi n'zofunika chifukwa ngati pa mapeto pake sitidzapeza kanthu, tiyenera kutha kunena kukula kwa kusintha kumene tikanakuona kukanakhalapo. Mankhwala owala amene timayezera nawo superoxide nawonso amasintha akaombedwa ndi kuwala, choncho ntchito yonse ya gawolo ikuchitikira m'chipinda cha mdima, pansi pa nyale yofiira yofooka, ndipo timbale ta magulu onse awiri timakhala kunja kwa inkyubeta nthawi yofanana.

Pali nkhani imodzi imene sitinagwirizanebe. Ena akufuna kuti tiyambe pa ma millitesla ochepa (millitesla imodzi ndi ma microtesla 1,000), pomwe mwayi woona kanthu ndi waukulupo, kenaka tizitsika. Pa mlingo umenewo zotsatira pa thupi n'zodziwika: munthu amaona kuwala kothwanima m'maso pa ma millitesla pakati pa 5 ndi 10 pa ma hertz 20, chinthu chimene Arsène d'Arsonval anachifotokoza koyamba m'chaka cha 1896, ndipo pa tesla imodzi kapena ziwiri makina amene Anthony Barker anasonyeza ku Sheffield m'chaka cha 1985 amadzutsa mitsempha ya mu ubongo. Ine ndikuona kuti kukwera kotero kungatichotse pa funso lathu, ndiponso makoyilo athu angatenthe koposa, popeza kutentha kumakula mowirikiza: kuchulukitsa magetsi ka 10 kumachulukitsa kutentha ka 100. Mfundo ya ma radical imanenanso kuti zochitika pa maginito ofooka zingathe kulowera kosiyana ndi za pa maginito amphamvu, motero zotsatira za pamwamba sizingatiuze za pansi. Pakadali pano tagwirizana pa milingo itatu, ma microtesla 1, 10 ndi 100, ndipo za ma millitesla taziika padera kufikira titapeza njira yoziziritsira makoyilo ndi madzi.

Chotsala chachikulu ku mbali ya uinjiniya ndi mafunde a wailesi. M'chaka cha 2014 Svenja Engels ndi anzake ku Oldenburg anapeza kuti mbalame za robin zinkalephera kugwiritsa ntchito kampasi yawo m'tinyumba tamatabwa ta pa yunivesite, koma zinayambiranso tinyumbato titakutidwa ndi aluminiyamu wolumikizidwa ku nthaka, amene anatchinga phokoso la mafunde a pakati pa ma kilohertz 50 ndi ma megahertz 5 lochokera ku zipangizo wamba zamagetsi. Phokosolo linali lochepa kwambiri kuposa malire a ICNIRP. M'maginito a ma microtesla 50, elekitironi yomasuka imayankha pa ma megahertz 1.4, omwe ali mkati mwa mafunde omwewo, ndipo zipangizo zosinthira magetsi za makompyuta ndi nyale zamakono zimatulutsa phokoso m'derali. Fluxgate yathu siimva mafunde othamanga chotere. Taitanitsa kamlongoti kozungulira koyenera ndiponso tapempha kubwereka makina osanthula mafunde, kuti tiyeze m'mabokosi onse awiri makoyilo ali oyaka ndiponso ali ozimitsidwa. Chimene tikukayikira kwambiri ndi mawaya olowa m'bokosi, amene angathe kunyamula phokoso la kunja n'kulilowetsa mkati, ndipo ngati muyezo udzatsimikiza zimenezo tidzaika zosefera pa bowo lililonse lolowera waya tisanayambe maulendo enieni.